Sipika ikukuwa koma mawu sakumveka: kukonza phokoso la mu vidiyo sho lisanagonthetse anthu

Eni mavidiyo sho akandiitana, dandaulo lawo limakhala lomwe lija: "Amisiri, ampu yafooka. Tikukweza mpaka kumapeto koma makasitomala a kumbuyo akuti sakumva." Ndikafika ndimapeza ampu, makina okuzira mawu aja, ili bwinobwino, nthawi zina yamphamvu kuposa chipinda chimene aiyikamo. Malata ali njenjenje, besi ikugunda pachifuwa, mfuti ikalira m'filimu kamwana ka pa benchi yoyamba kakugwira makutu. Koma zimene anthu a m'filimumo akulankhula, zoonadi sizikumveka.

Pafupifupi paliponse ndapeza kuti mphamvu ilipo yokwanira, chimene chasowa ndi kumveka bwino kwa mawu. Munthu akalephera kumva mawu, dzanja limathamangira pa voliyumu. Akakweza, mawu aja amakhalabe osokonekera, koma kuphulika kwa mabomba ndi nyimbo zimakwera. Akwezanso. Pofika madzulo chitsulo cha voliyumu chagunda kumapeto, ndipo mawa lake amayambira pomwepo.

Pa vidiyo sho ina imene ndinapitako kukasintha waya, mnyamata wotolera ndalama pakhomo ndinamufunsa dzina kawiri. Kachitatu anapendeketsa mutu n'kundipatsa khutu la kumanja. Ndinayang'ana pamene amakhala: kampando kake kanali pansi penipeni pa sipika ya panja, ija yoitanira anthu, chakumanzere kwake.

"Iwe, ukagona usiku m'makutu simulira?"

"Mumalira madala, ngati nyenje. Koma kukacha zimasiya."

Anayankha akuseka, poti kwa iye zimenezo ndi mbali ya ntchito basi. Kasitomala amalowa filimu imodzi kapena ziwiri n'kumapita. Mnyamata uyu amakhalapo kuyambira m'mawa mpaka filimu yomaliza, masiku onse a sabata. Pokonza phokoso, woyamba kumuganizira ndi iyeyu, kenako ana a kutsogolo.

Mudziwa bwanji kuti mwapyola muyezo

Njira yosalira ndalama ndi iyi. Filimu ili mkati, imani ndi mnzanu motalikirana mkono umodzi n'kumuuza kanthu. Ngati mukuchita kukuwa kuti akumveni, phokosolo lafika pa madesibelo 85 kapena kupyola apo. Yesani pa benchi yoyamba, pakati, ndi pamene pamakhala wa pakhomo.

Madesibelo, amene amalembedwa dB, ndiwo muyezo wa phokoso, koma sawerengedwa ngati makilo a chimanga. Mukawonjezera 3 dB yokha, mphamvu ya phokoso yolowa m'khutu imachuluka kawiri, pomwe inu mukuona ngati mwangokwezako pang'ono. Kuti khutu limve ngati phokoso lakula kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, ndipo pamenepo mphamvu yake imakhala itachuluka kakhumi. Apa ndi pamene khutu limatinamiza.

Bungwe la ku America loona za umoyo wa anthu pa ntchito, la NIOSH, limalangiza kuti munthu asapyole maola 8 pa tsiku ali m'phokoso la 85 dB. Phokoso likakwera ndi 3 dB, nthawi imadulidwa pakati: pa 88 dB ndi maola 4, pa 91 dB maola 2, pa 94 dB ola limodzi, pa 100 dB mphindi 15 zokha. Ndiye werengani nokha. Filimu ya maola 2 yoseweredwa pa 91 dB yamutherapo kasitomala gawo lake lonse la tsikulo. Mnyamata amene waonetsa mafilimu 5 otero wamwa muyezo wa masiku 5 tsiku limodzi. Kwa munthu wogwira maola 12, malire ake amatsika kufika pa 83 dB.

Ena amva zoti bungwe la WHO limalola 100 dB. N'zoona kuti m'chaka cha 2022 bungweli linatulutsa ndondomeko ya malo azisangalalo, yonena kuti phokoso lisapyole 100 dB poyeza pa mphindi 15 zilizonse. Koma amenewo ndi malire a pamwamba penipeni, oganizira malo ngati ovinira ndi madansi a oimba, ndipo amayendera limodzi ndi kuyeza phokoso nthawi zonse, kupereka zotsekera m'makutu, komanso kukhala ndi malo a phee opumirako. Si nambala yoti muzifikapo mu vidiyo sho imene muli ana a sukulu. Bungwe lomweli, polangiza za mahedifoni, limati wamkulu asapyole maola 40 pa sabata pa 80 dB, ndipo kwa ana limatsitsa kufika pa 75 dB.

Ngati muli ndi foni yamakono, ikanimo pulogalamu yoyezera phokoso ndipo sankhani dBA, amene ndi madesibelo oyezedwa motsata mmene khutu la munthu limamvera. Ya NIOSH ndi yaulere koma imagwira pa iPhone pokha. Za pa Android zimasiyana foni ndi foni, ndipo zambiri zimalephera kuwerenga phokoso likakwera kwambiri, choncho zitengeni ngati zongokupatsani chithunzithunzi. Muziyang'ana nambala ya avereji pakatha mphindi 10 kapena 15, osati imene ikudumphadumpha. Ine ndimafuna avereji ya pakati pa chipinda ikhale cha m'ma 75 mpaka 80 dB, ndipo benchi yoyamba isafike 85.

Nyimbo ndi mfuti zikumveka, mawu a anthu ali kutali

Apa ndi pamene pamagona vuto nthawi zambiri, ndiye ndichedwapo.

Mafilimu ambiri akunja amajambulidwa ndi njira 6 za mawu, zimene amazitcha 5.1: kumanzere, kumanja, pakati, ziwiri za kumbuyo, ndi ina ya besi. Zolankhula za anthu pafupifupi zonse amaziika pa njira ya pakati. Tsono inu muli ndi masipika awiri. Ngati mawaya anu, wofiira ndi woyera, mwawalumikiza kumbuyo kwa DVD pa mabowo olembedwa Front L ndi Front R pomwe makinawo aikidwa pa 5.1, mukungotenga nyimbo ndi phokoso la magalimoto. Njira ya pakati ija ikupita ku bowo lopanda waya. Mungakweze bwanji, simungatulutse mawu amene sanalowe n'komwe mu ampu.

Lowani mu menyu, pezani polembedwa Downmix kapena Speaker Setup, sankhani Stereo. Ngati mukuonetsera pa laputopu ndi pulogalamu yoonetsera mafilimu ya VLC, pitani pa Audio n'kusankha Stereo. Mawu a anthu amatulukira nthawi yomweyo, ndipo mwini wake amatsitsa yekha voliyumu ine ndisanamuuze.

Zikapanda kusintha, onani mabatani a karaoke. Ma ampu ndi ma DVD otchipa ambiri ali ndi batani lochotsa mawu a woimba kuti munthu aziimba yekha. Batani limeneli limachotsa chilichonse chimene chikumveka mofanana m'masipika onse awiri, ndipo m'filimu chimenecho ndi kulankhula. Likadinidwa mwangozi, anthu a m'filimu amamveka ngati ali m'chitsime. Chitsulo cha Echo nacho chibwezeni pa ziro.

Kenako zungulirani kumbuyo kwa masipika. Waya wofiira akhale pa chofiira, wakuda pa chakuda, mbali zonse ziwiri. Sipika imodzi ikalumikizidwa mozondoka, ina ikamakankha mpweya inzake imakoka. Besi imafooka, mawu amamveka ngati alibe pochokera. Waya ameneyu amazondoka kawirikawiri tsiku limene masipika abwerekedwa ku ukwati n'kubwezedwa usiku.

Ikwalayiza, mzere uja wa tizitsulo tosinthira besi, mawu a pakati ndi thirebo, ndiye nkhani ina. Anyamata athu amakonda kukweza za kumapeto zonse, besi ndi thirebo, n'kugwetsa za pakati, poti nyimbo za dansi zimakoma choncho. Koma zilembo zimene zimasiyanitsa mawu, monga s, f, t ndi k, zimakhala cha pakati pa 1000 ndi 4000 Hz (manambala olembedwa pa tizitsulo ta ikwalayiza), pomwe agwetsa paja. Bwezani zonse pa mzere umodzi, tsitsaniko besi, kwezani pang'ono cha pa 2000 Hz. Besi yochuluka imakwirira mawu ngati bulangete.

Chomaliza, titwita, timasipika ting'onoting'ono totulutsa thirebo. Tsitsani voliyumu kwambiri, ikani khutu pafupi ndi kasipika kakang'ono ka pamwamba. Ngati kali zii, kanapsa. Zimapsa ampu ikamakakamizidwa mpaka kagetsi kofiira kolembedwa Clip kapena Peak kamangoyaka osazima. Sipika yopanda twita imangodudumira, ndiye munthu amakweza, ndiye ina ija imapsanso. Kugula titwita tiwiri n'kotchipa kwambiri kuyerekeza ndi ampu yatsopano imene mumafuna kugula ija.

Kunong'onezana sikumveka, bomba likaphulika anthu akudumpha

Izi si kuwonongeka kwa makina. Mafilimu amawapangira zipinda zazikulu za phee, choncho mpata wa pakati pa mawu apansi ndi apamwamba ndi waukulu. M'chipinda choyandikana ndi msika, mpata umenewu uyenera kuchepetsedwa. Pa DVD yang'anani DRC kapena Night Mode. Pa TV zina pamalembedwa Auto Volume. Mu VLC muli Compressor pansi pa Effects and Filters. Zonsezi zimakweza mawu apansi n'kuletsa apamwamba kuti asalumphe.

Mafilimu omasuliridwa ndi ma DJ m'Chichewa ali ndi khalidwe lawolawo. Mawu a DJ nthawi zambiri amajambulidwa okwera kale, ena ophwanyika kuchokera kojambulira. Filimu yotere ikabwera pambuyo pa yachingerezi imene munakweza kuti imveke, imalowa ngati mphenzi. N'chimodzimodzi nyimbo zoika podikira anthu, ndi mpira wa pa dekoda chigoli chikalowa. Zinthu za pa fulashi imodzi sizifanana kukwera kwake. Lamulo la pa malo anu likhale lakuti filimu ikatha voliyumu ibwerere pansi, yatsopano iyambire pansi n'kumakwera mpaka mawu amveke, osapitirira apo.

Mukapeza malo oyenera, lembani kamzere ka penti kapena matani kaselotepi pa ampu. Kamzere kameneka kali ndi ntchito yaikulu chifukwa khutu limatopa. Munthu amene wakhala m'phokoso kuyambira m'mawa, pofika 6 koloko madzulo amamva ngati voliyumu yatsika, pomwe palibe wagwirapo. Khutu lake ndi limene lazirala. Akadalira khutu limenelo akweza ndithu. Muyezo uzikhazikitsidwa m'mawa makutu ali atsopano, ndipo madzulo azikhulupirira kamzere.

A kutsogolo akugontha, a kumbuyo akudandaula

Pabwalo, mtunda ukatalika kawiri phokoso limatsika ndi 6 dB. Benchi yoyamba ikakhala mita imodzi kuchokera pa sipika ndipo yomaliza mamita 8, kusiyana kwake kungafike 18 dB. M'chipinda kumachepako chifukwa makoma amabweza mawu, komabe n'kwakukulu. Ndipo tonse tikudziwa amene amakhala kutsogolo, ena pansi penipeni moyang'anizana ndi sipika: ana.

Masipika asakhale pansi kapena pa tebulo la TV. Akwezeni pamwamba pa mitu ya anthu okhala pansi, amangidwe molimba, aloze benchi ya kumbuyo. Mukatero mawu amadutsa pamwamba pa ana m'malo mowamenya kumaso, ndipo satsekedwa ndi matupi a anthu a kutsogolo. Musawaike pa ngodya, poti ngodya imakuza besi. Chipinda chikakhala chachitali ngati khonde, ikani kasipika kena kakang'ono chapakati, kotsika voliyumu, m'malo mokakamiza a kutsogolo kuti akafike kumapeto. Benchi yoyamba ibwerere m'mbuyo ngakhale ndi mita imodzi. Mutaya malo a anthu awiri kapena atatu, inde, ndipo eni ake ambiri amandiyang'ana ndi diso loipa ndikanena zimenezi.

Chipinda chenichenicho nacho chimalankhula. Malata osatchinga, simenti pansi, makoma a pulasitala, zonsezi zimabweza mawu, ndipo mawu obwerera amagundana ndi amene akungotuluka kumene. Ombani m'manja kamodzi muli nokha m'chipindamo. Mukamva kamchira kotsalira, ndiye kuti makoma akukusokonezani. Makatani okhuthala kapena mabulangete akale pa khoma la kumbuyo, olendewera motayana pang'ono ndi khomalo, amathandiza kwambiri. Mphasa kapena mikeka kudenga, pansi pa malata, imachepetsa kulira kwa malata komanso kutentha. Kungoti zinthu zimenezi zimagwira moto msanga, choncho zitalikirane ndi mawaya, mababu ndi ampu, ndipo zisatchinge khomo. Makatoni a mazira amene ena amamata m'makoma sathandiza kwenikweni, musatayirepo nthawi.

Magetsi akazima n'kuliza jenereta, onani pamene mwaiika. Ikakhala pafupi ndi khomo, phokoso lake limalowa, inu mumakweza kuti mulipose. Iikeni kutali, panja popita mphepo, kuseri kwa khoma, ndi waya wautali wokhuthala bwino. Utsi wake umapha mwakachetechete m'chipinda chotseka, ndiye apa n'zoposa za makutu.

Sipika ya panja

Sindinganene kuti muichotse, poti ndi imene imauza odutsa kuti filimu yayamba. Koma isamayendere chitsulo chimodzi ndi za mkati. Mukazimanga pamodzi, kufuna kuti a ku msika amve kumakweza ndi za mkati zomwe. Ipatseni njira yakeyake pa ampu, ikhale pamwamba, iloze kunjira osati ku nyumba za anthu, ndipo filimu ikayamba itsike kapena izime. Usiku izime ndithu. Anthu oyandikana nawo akatopa amakadandaula kwa amfumu kapena ku khonsolo, ndipo amakhala kuti sanalakwe. Chofunika koposa, kampando ka wotolera ndalama kasakhale kutsogolo kapena pansi pake. Kukasuntha kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita 4 kumachotsa pafupifupi 12 dB, popanda kugula chilichonse.

M'makanema akuluakulu

Kwa abale amene amagwira ntchito kapena kuonera m'makanema a m'mashopu akuluakulu ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku London, nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Kumeneko makina a Dolby ali ndi muyezo wodziwika: voliyumu ikakhala pa 7, mawu oyesera amayenera kutuluka pa 85 dB m'sipika iliyonse ya kutsogolo. Izi sizitanthauza kuti filimu yonse imalira pa 85. Kulankhula kumakhala pansi pa apo, koma malo ophulika sipika imodzi ikhoza kufika 105 dB, ndipo ya besi 115 dB, kwa kanthawi kochepa. Kuchoka pa 7 kufika pa 5.5 kumatsitsa pafupifupi 5 dB, ndipo makanema ambiri amasewera chapamenepo chifukwa cha madandaulo a anthu, makamaka m'zipinda zing'onozing'ono. Zotsatsa malonda ndi zoonetsa mafilimu akubwera zimamveka zokwera chifukwa zimakhala zodzaza phokoso kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Woonera akaona kuti zanyanya, auze ogwira ntchito filimu ikadali koyambirira, asadikire kumapeto. Akhale chapakati kapena kumbuyo pang'ono, kutali ndi makoma amene pali masipika. Khanda ndiye lisalowe m'filimu ya nkhondo. Ku Britain, malamulo a 2005 okhudza phokoso pa ntchito amati likafika 80 dB pa tsiku la ntchito, bwana ayenera kupereka zotetezera makutu kwa wozipempha, ndipo pa 85 dB kuvala n'kokakamiza.

M'makutu mukayamba kulira

Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo ta ubweya pafupifupi 16,000 timene timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatitopetsa. Kulira kwa nyenje kuja, ndi kumva ngati m'makutu mwalowa madzi, ndi chizindikiro chakuti tavulala. Tikapuma tsiku limodzi kapena awiri timatha kuchira, n'chifukwa chake mnyamata uja ankati kukacha zimasiya. Koma zikamachitika tsiku ndi tsiku timafa, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe mankhwala a m'botolo kapena a zitsamba amene amatibwezeretsa.

Kugontha kwa mtundu umenewu sikupweteka, ndipo kumayambira pa mawu a cha pa 4000 Hz, paja pamakhala zilembo zosiyanitsa mawu. Munthu amamva kuti wina akulankhula koma sagwira mawu ake, makamaka pagulu, pamaliro kapena mu minibasi. Anzake amayamba kumunena kuti ndi wamwano, sayankha akaitanidwa.

Zotsekera m'makutu za siponji zimapezeka m'mashopu a zipangizo zomangira ndi m'mafamase ena. Kavalidwe kake n'kofunika: kapotoleni ndi zala zoyera mpaka kaonde, dzanja lina lidutse pamwamba pa mutu n'kukokera khutu m'mwamba, kalowetseni, n'kukagwira kwa masekondi 20 kapena 30 kuti kafufume. Kongotsamiritsa pakhomo pa khutu sikateteza. Thonje kapena tishu sizithandiza kwenikweni, zimangokunamizani kuti mwadziteteza. Ogwira ntchito akakhala awiri azisinthana, wina mkati wina panja, ndipo pakati pa mafilimu pazikhala mphindi zingapo masipika onse ali zii. Akaweruka asakavalenso mahedifoni okwera, poti khutu limaphatikiza phokoso lonse la tsikulo, silisiyanitsa la ku ntchito ndi la kunyumba.

Kulira kukapitirira masiku awiri osasiya, kapena mukaona kuti mukupempha anthu kubwereza mawu kawirikawiri, kayezetseni. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi gawo loyeza makutu, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Amene ali kutali ayambire pa chipatala cha boma cha m'dera lawo, chifukwa nthawi zina chotseka khutu chimakhala phula la m'khutu kapena matenda otulutsa mafinya, zimene zimachizika. Musathiremo mafuta kapena kutokosa ndi kamtengo. Koma khutu likangotseka mwadzidzidzi, limodzi lokha, kapena kugonthako kukabwera ndi chizungulire, musadikire masiku awiri aja. Pitani tsiku lomwelo.